Citsulo Cikathyoka pa Njinga Yamoto, Mmisiri Wace Ndani?

Nkhani yokambidwa kwa alimi a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi

Nkhani ya lero si ya mbeu kapena ya feteleza ai. Iri ya cinthu cimene ndalama za nshawa, soya, thonje ndi mpendadzuwa zagulira mabanja ambiri, ndico njinga yamoto, imene ena aicha mthuthuthu, ndipo ena angoti honda ngakhale inapangidwa ndi Bajaj kapena TVS ku India, kapena ndi mafakitale a ku China.

Kale njinga yamoto inali ya alangizi a malimidwe, a zaumoyo ndi a pa mishoni. Lero iri m'khonde mwa mlimi wamba. Ndiyo itenga matumba a feteleza, ndiyo ipita ndi cimanga ku cigayo, ndiyo ithamangira usiku ndi mai wapakati ku cipatala ca St Francis ku Katete kapena ca Nyanje ku Sinda. Cotero ikaima, si mwini wace yekha amene abvutika, koma nyumba yonse pamodzi ndi anansi.

Pakati pa eni njinga izi pali ena amene akonda kuzikonza okha. Munthu wotere ayala saka pansi pa mtengo wa mango tsiku Loweruka, namasula pulagi, natsuka kabuleta, nasintha oilo, nakunga cheni, ana atamzungulira kumpatsira masipanala. Cizolowezi ici ncabwino, cisunga ndalama ndiponso cimphunzitsa munthu kumva njinga yace ikayamba kulira mwacilendo. Koma sipanala iri ndi malire ace. Lifika tsiku limene citsulo cang'aluka, kapena bauti yadukira m'kati, kapena mazinga atha, ndiyo mizere yozungulira imene nati igwirapo. Pamenepo pafunika moto kapena makina, zimene mlimi alibe pa nyumba.

Apa mpamene ndalama zitayika, ndipo zitayika mwa njira ziwiri. Wina akweza njinga yonse pa galimoto kupita nayo ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 80 kucokera pa Katete, cifukwa ca kacitsulo kamene wosula wa m'mudzi woyandikana akadaongola ndi nyundo. Mtengo wa ulendo uposa wa nchito. Wina acita zosiyana. Apatsa mnyamata wowocherera mawindo pa msika nchito yosamuyenera, pofuna zochipa, ndipo cipangizo cimene cikadakonzeka cionongekeratu. Onse awiri alakwa pa cinthu cimodzi: sanayambe afunsa kuti citsulo cothyokaco ncotani, ndi kuti mmisiri wa citsulo cotero ndani.

MAGINITO AYAMBE NDIWO

Njinga yamoto siinapangidwe ndi citsulo ca mtundu umodzi. Felemu, kaliyala, poponda mapazi, coimikira, thanki ya petulo ndi paipi ya utsi ziri za citsulo wamba. Koma bokosi la injini, mutu wa silinda, zibvundikiro za m'mbali, zogwirira za buleki ndi kilachi, ndi pakati pa mawilo, izi ziri za aluminiyamu. Njira yozisiyanitsa siifuna sukulu. Mlimi atenge maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, awakhudzitse pa malo othyoka. Akakakamira, ndico citsulo wamba, ndipo amisiri ace ali pafupi. Akapanda kukakamira, mlimi aime kaye ndi kuganiza.

Cifukwa cace nci. Citsulo wamba cisungunuka pa kutentha kwa madigiri ngati 1,500, ndipo cisanasungunuke cifiira, cotero mmisiri aona ndi maso pamene cafika. Aluminiyamu asungunuka pa madigiri 660 okha, ndipo sacenjeza munthu: safiira konse, angogwa mwadzidzidzi ngati phala. Ndiponso pamwamba pace pali khungu losaoneka limene silisungunuka kufikira madigiri apitirira 2,000. Tsono mmisiri wosazolowera aonjeza moto kuti alase khungu lija, pamene m'kati mwasanduka kale madzi. Mng'alu umene unali ngati tsitsi usanduka dzenje lolowa cala. Makabuleta ambiri ndiwo oipirapo, pakuti citsulo cace cisungunuka msanga koposa aluminiyamu. Kabuleta yosweka isafike pa moto uli wonse.

Nanga cibvundikiro ca injini cikang'aluka, monga zicitika njinga ikagwera pa mwala, mlimi acite ciani? Ngati mng'alu uli waung'ono, wongodontha oilo, pa malo osasenza kulemera, phala lomatira zitsulo logulitsidwa m'masitolo, monga Pratley Steel, likwanira. Koma malowo ayambe atsukidwa ndi petulo, apalidwe ndi sandipepa, aume, cifukwa phala silimata pa mafuta. Ngati mng'alu uli waukulu, kapena wafika pamene bauti imanga, pafunika mmisiri wa makina owocherera ndi mpweya wa argon, ndipo wotere afunidwe ku tauni. Asanapite, mlimi afunse mtengo wa cibvundikiro cina cocotsedwa pa njinga yakufa ya mtundu womwewo. Kawiri-kawiri ico cichipa koposa ulendo ndi kuwocherera pamodzi.

WOSULA WA M'MUDZI

Mmisiri woyamba, amene eni njinga amuiwala, ndiye wosula. Acewa anadziwa kuyenga citsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo Azungu asanafike m'dziko lino. Ng'anjo zinazima kale, koma cipala, mbvukuto ndi nyundo zikali m'midzi, ndipo osula a lero apanga nkhwangwa ndi zikwanje ndi masipulingi a magalimoto akale. Munthu wotere adziwa citsulo ndi maso, poona mtundu wace ciri pa makala.

Nchito zace pa njinga yamoto nzambiri koposa m'mene anthu aganizira. Aongola poponda mapazi popindika, akonza coimikira, asula timapulati togwirira kaliyala kapena madigadi, ndiponso apanga zitsulo zocotsera tayala zolimba koposa zina za m'sitolo. Malipiro ace ngopepuka, ndipo ambiri alola nkhuku, thini ya nshawa kapena thumba la makala m'malo mwa ndalama. Pali cenjezo limodzi. Citsulo ca sipulingi ncabwino pa nkhwangwa, koma cikawocheredwa pa felemu ciuma ndi kuthyoka ngati mbale yadothi. Cogwirira ciri conse codzawocheredwa cikhale ca citsulo cofewa wamba.

WOWOCHERERA WA PA MSIKA

Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha m'caka ca 2012, Sinda atapatulidwa ku Katete ndi Petauke, Vubwi ku Chadiza. Kumene kuli boma kumangidwa nyumba, ndipo kumene kumangidwa nyumba kufika owocherera ndi magetsi. Lero munthu sasowa kumene amva kulira kwa gilainda. Ici ncokondweretsa, koma mlimi akumbukire kuti dzanja la amisiri ambiri awa linazolowera zitseko, mawindo ndi ngolo za ng'ombe. Zitsulo za ngolo nzocindikala, zipirira moto wambiri. Paipi ya felemu ya njinga yamoto njopyapyala, ngati mamilimita 2. Moto umene ugwira bwino pa ngolo uboola paipi yotere nthawi yomweyo.

Cotero posankha mmisiri, mlimi asayang'ane kukula kwa cikwangwani. Ayang'ane zinthu zitatu izi. Coyamba, makina. Ena ali ndi makina opangidwa pamanja ndi waya wokulunga, amene moto wace sucepetseka bwino. Ena ali ndi timakina tating'ono tamakono tokhala ndi kotembenuzira moto. Pa felemu pafunika amene moto wace ucepetseka. Caciwiri, ndodo zowocherera. Ya mamilimita 3.2 nja ngolo. Pa njinga pafunika ya 2.5 kapena yocepera, ndipo ikhale youma, cifukwa ndodo yogona pa cinyezi isiya timaenje m'kati mwa msoko. Cacitatu, nchito yace yakale. Msoko wabwino ukhala wa mizere yofanana, wolowerera m'citsulo mbali zonse ziwiri. Msoko woipa ukhala wa mabulumwa ongosanjikika pamwamba ngati zitosi za nkhuku. Si mwano kupempha mmisiri kuti ayambe walumikiza tizidutswa tiwiri ta paipi yakale, ndi kutimenya ndi nyundo pamaso pa onse. Mmisiri weni-weni sakwiya nazo. Amene akwiya wadziulula yekha.

Mwini njinga akhalepo pamene nchito icitika, ndipo adziwe dongosolo lace. Mng'alu uli ndi nsonga ziwiri, ndipo ukangophimbidwa pamwamba upitirirabe kuyenda pansi pa msoko. Cifukwa cace mmisiri ayambe kuboola kabowo kakang'ono pa nsonga iri yonse, kuti mng'alu uthere m'menemo. Atatero akumbe kangalande m'litali mwa mng'alu ndi gilainda kapena tupa, kuti citsulo catsopano cilowe kufikira pansi. Awocherere pang'ono-pang'ono, kupumira, kugogoda makoko akuda asanabwerezepo. Pamalo posenza katundu aikepo cigamba ca citsulo cokumbatira paipi. Akatha, citsulo cizizire cokha ndi mphepo. Anyamata ofulumira athirapo madzi kuti mwini njinga apite msanga. Madziwo aumitsa msoko ndi kubala mng'alu watsopano pambali pa wakale. Ndipo msoko usapalidwe kufikira kusalala ndi kupakidwa penti mwini asanauone, pakuti gilainda ndi penti ndizo zibisa nchito yoipa.

Magetsi owocherera ali ndi ngozi inanso imene siioneka tsiku lomwelo. Asanayatse makina, mawaya a batire acotsedwe, ndi kabokosi ka CDI kamene kapereka moto ku pulagi kazulidwe. Kabokosi aka kakapsa, njinga siilira, ndipo mtengo wace ungathe kuposa wa kuwocherera komwe. Cibano ca waya wobwezera magetsi cimangidwe pafupi ndi pamene awocherera, pa citsulo comweco. Cikamangidwa kutali, monga pa wilo, magetsi adutsa m'maberingi ndi kuwatema timabala, ndipo patapita mwezi mwini njinga adabwa wilo likulira.

Pali nchito imodzi imene wowocherera wa pa msika aicita bwino ndi mochipa, koma eni njinga ambiri saidziwa. Bauti ikadukira m'bokosi la injini, anthu athamangira kuiboola ndi kuikumba ndi msomali, naononga bowo lonse. Mmisiri wodziwa aika nati pamwamba pa cidutswa cotsalaco, nawocherera m'kati mwa nati. Citsulo cosungunuka cigwira bauti koma sicigwira aluminiyamu, ndipo kutentha kumasula dzimbiri. Ikazizira, sipanala iicotsa ngati bauti wamba.

Pogula zitsulo zakale zopangira kaliyala, mlimi apewe mapaipi a madzi otuwa. Iwo anakutidwa ndi zinki, imene pa moto iturutsa utsi woyera wodwalitsa malungo ndi cifuwa. Amisiri ena akhulupirira kuti kapu ya mkaka icotsa utsiwo m'thupi. Mkaka ncakudya cabwino, koma upita m'mimba, pamene utsi wapita m'mapapo. Ndiponso ana asaloledwe kuima ndi kuyang'anitsitsa kuwala kwa kuwocherera. Kuwalako kutentha maso, ndipo ululu wace uyamba usiku, ngati mcenga wathiridwa m'zikope.

Zitsulo zopyapyala koposa, monga madigadi, paipi ya utsi ndi thanki, zifuna mmisiri wina, wa gasi. Iye asakaniza okosijeni ndi gasi woturuka pamene kabaidi wathiridwa madzi, ndipo lawi lace lipitirira madigiri 3,000, koma licepetseka kufikira kukhala ngati nsonga ya singano. Ndi lawi ili alumikiza zitsulo ndi ndodo ya mkuwa wacikasu, imene isungunuka pa madigiri ngati 900, citsulo ceni-ceni cisanasungunuke. Okonza njinga zopalasa ndi okonza maladiyeta ndiwo adziwa kumene amisiri a gasi apezeka. Mlimi awafunse iwo.

THANKI YA PETULO

Pa nkhani ya thanki pafunika kucedwapo, pakuti apa cimene citayika si ndalama koma maso, manja kapena moyo. Anthu aganiza kuti thanki yokhuthulidwa iribe ngozi. Kunena zoona, thanki yopanda petulo ndiyo iphulika. Cimene ciphulika si madzi a petulo koma nthunzi yace yosakanikirana ndi mpweya, ndipo nthunziyo itsalira m'misoko ya thanki masiku ambiri. Kuinunkhiza ndi mphuno si muyeso wokwanira.

Ngati thanki ingodontha pa kabowo ka dzimbiri, mmisiri wace ndiye wokhoma zidebe ndi ndowa. Iye atenthetsa citsulo cace comatira pa mbaula iri kutali, nabwera naco kudzamata ndi mtobvu, osafikitsa lawi pa thanki. Nchito iyi njochipa koposa zonse, ndipo ngozi yace njocepa, malinga thanki yatsukidwa. Ngati thanki yang'ambika kotero kuti lawi lifunika ndithu, icotsedwe pa njinga, kampopi ndi citsekero zicotsedwe, itsukidwe kangapo ndi madzi otentha a sopo, ndipo pa nthawi ya nchito idzazidwe madzi kufikira pafupi ndi malo owocherera, pakamwa pace pali potsegula. Mmisiri amene anena kuti zonsezi nzotaya nthawi, ndi kuti iye angolowetsa lawi kamodzi kuti nthunzi ipse, mlimi anyamule thanki yace acoke. Thanki yodyeka ndi dzimbiri pansi ponse siiyenera kukonzedwa. Bowo limodzi likatsekedwa, lina litseguka.

NCHITO ZA MAKINA

Zina sizitheka ndi moto uli wonse. Mazinga a pulagi, m'mutu wa silinda, ali m'aluminiyamu wofewa. Atha pamene pulagi yalowetsedwa mopendama ndi kukakamizidwa ndi sipanala. Cifukwa cace pulagi iyambe kulowetsedwa ndi zala, sipanala ingotsiriza. Mazinga akatha, ena akulunga pulagi ndi waya kapena kacitini, ndipo tsiku lina pulagi iuluka njinga iri pa liwiro. Mankhwala ace eni-eni ndi kawaya kopota kochedwa Helicoil, kamene mmisiri alowetsa m'bowo atadulamo mazinga atsopano. Mapulagi a njinga izi ali a mamilimita 10 kapena 12, cotero mlimi atenge pulagi yomwe popita. Bauti yokhuthulira oilo ikonzedwa mwa njira yomweyo.

Silinda yodyeka, imene icititsa njinga kufuka utsi ndi kumwa oilo, ikulitsidwa ndi makina kuti ilandire pisitoni yokulirapo. Mapisitoni otere abwera m'miyeso inai: kuonjeza mamilimita 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00. Mmisiri ayambe wapima silinda ndi kunena muyeso wofunika, pisitoni igulidwe, ndipo iye akulitse bowo molingana ndi pisitoni imene iri m'manja mwace. Pa njinga zina za ku India ndi ku China, silinda yatsopano pamodzi ndi pisitoni ndi maringi ace igulidwa pa mtengo wosasiyana kweni-kweni ndi wokulitsa yakale. Mlimi afunse mitengo iwiri yonse asanasankhe. Mabushi a mkono wogwira wilo lakumbuyo, akasowa m'sitolo, asemedwa pa makina ochedwa lathe. Makina otere sapezeka pa msika uli wonse, ndipo kwa ambiri a m'maboma atatu awa njira yace iloza ku Chipata.

Tsono kuti ulendowo usadye phindu la munda, njinga isapite yonse. Mutu wa silinda ulowa m'cikwama. Mwini njinga amasule yekha, atsuke mafuta onse, aike mabauti m'kathumba, ndipo atenge cokhaco cofuna makina. Mmisiri alipiritsa nthawi yace, ndipo nthawi yambiri ithera pa kumasula ndi kutsuka, zimene mlimi angathe kucita pa nyumba kwaulere. Eni njinga a m'mudzi umodzi kapena a m'kopaletivu imodzi agwirizane kutuma munthu mmodzi ndi zipangizo za anthu anai kapena asanu, ciri conse cokhala ndi kapepala ka dzina ndi ka nchito yofunika. Ndalama za basi zigawidwa, ndipo mmisiri amene alandira nchito zisanu pamodzi atsitsa mtengo mosabvuta.

Mtengo upanganidwe nchito isanayambe, ndipo pamveke bwino ngati ndodo zowocherera ndi zitsulo zogamba ziri m'kati mwa mtengowo kapena ai. Safunsa anadya phula. Mlimi afunse amisiri awiri kapena atatu, koma asathamangire wotsikitsa koposa onse popanda kuona nchito yace. Nyengo nayonso iri ndi mau. Anthu akagulitsa zokolola, owocherera apanikizidwa ndi zitseko ndi mawindo; mvula ikayandikira, apanikizidwa ndi mapulawo ndi ngolo. Kumapeto kwa August, pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, njinga iri yonse ya m'dera iri pa mseu ndi anthu, ndipo amene adikira sabata lomwelo alandira nchito ya cangu pa mtengo wokwera. Mng'alu ukaoneka m'mwezi wa February, ukonzedwe mu February, pamene mmisiri ali ndi nthawi. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku, ndipo amisiri owocherera ndi jenereta anaika mtengo wa mafuta pa nchito. Phunziro lace likhalabe: munthu wocokera kutali ayambe waimba foni kufunsa ngati magetsi alipo.

ZOSAYENERA KUWOCHEREDWA

Pali zitsulo zimene mmisiri angabvomere kulumikiza, ndipo pa maso zingaoneke zolimba, koma siziyenera kubwerera pa njinga. Izi ndizo mapaipi a foloko yakutsogolo, mtengo wa ciongolero umene ulowa m'khosi la felemu, handulo yothyoka, ekiselo ya wilo liri lonse, kandodo kokoka buleki, ndi wilo la aluminiyamu losweka. Zitsulo izi zinalimbitsidwa ku fakitale mwa njira imene moto wa pa msika uononga, ndipo zikathyoka sizicenjeza. Kaliyala akathyoka, cigwa ndi thumba. Foloko ikathyoka pa mtsetse, agwa ndi munthu, camutu, pamodzi ndi amene wamkweza. Kumanganso mano a gudumu la cheni ndi ndodo yowocherera nako nkutaya ndalama, pakuti mano osalingana adya cheni catsopano m'masabata owerengeka.

Mabauti ogwira injini, mashokapu ndi mabuleki asalowedwe m'malo ndi bauti iri yonse ya pa msika. Pa mutu pa bauti yolimba palembedwa 8.8 kapena nambala yoposa. Yopanda nambala nja mipando ndi zitseko.

Felemu imene yapindika pa khosi cifukwa ca kugundana ndiyo ibvuta kuweruza, pakuti felemu yatsopano njodula. Muyeso wace ngwa cingwe: cikakungidwa m'mbali mwa mawilo onse awiri, njinga iri ciriri, wilo lakutsogolo liyenera kukhala pakati pa mzere wa lakumbuyo. Likapatuka, njinga idzakokera mbali imodzi ndi kudya matayala. Pa khosi pomwepo ndi pamene padindidwa nambala ya felemu, imene iyenera kulingana ndi yolembedwa m'buku la umwini loperekedwa ndi Road Transport and Safety Agency. Mmisiri asaipale ndi gilainda kapena kuikwirira ndi msoko, cifukwa njinga ya nambala yofufutika iyesedwa yakuba. Momwemonso, wogula felemu kapena injini yakale afunse mapepala ace, makamaka m'madera a ku malire monga Chanida ndi Vubwi, kumene katundu adutsa kucokera ku Mozambique ndi ku Malawi. Cipangizo cochipa copanda mwini wodziwika cingathe kugoneka munthu wosalakwa ku polisi.

Kunena za kaliyala, ming'alu yambiri ya felemu iyambira kumeneko. Njinga izi zinapangidwira anthu awiri ndi kakatundu. Zikasenzetsedwa matumba atatu a makilogalamu 50 pa mseu wa mabampu, kulemera konse kutsamira kumbuyo kwa wilo, ndipo mapaipi a pansi pa mpando apindika pang'ono pa bampu iri yonse kufikira atatopa. Ena aona kaliyala wathyoka, napangitsa wina wa zitsulo zocindikala ndi wotalika. Pamenepo kaliyala sathyokanso. Cithyoka ndi felemu. Kaliyala wabwino akhala wamfupi, womangidwa ndi mabauti osati wowocheredwa pa felemu, wokhala ndi miyendo yotsikira pa malo olimba pafupi ndi poponda wokwezedwa. Mwini njinga atsuke matope pansi pa mpando kamodzi pa mwezi ndi kuyang'ana misoko. Kamzere ka dzimbiri kofiira pa penti ndiko cizindikiro coyamba ca mng'alu.

Kusowa kwa amisiri a makina pafupi ndi midzi kuli ndi njira yace. M'caka ca 2022 Boma linakweza thumba la Constituency Development Fund kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ndipo m'maboma atatu awa madera amene analandira ndiwo Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi. Gawo lina la thumba ili linaikidwira kulipirira acinyamata maphunziro a umisiri, ndi lina kuthandiza magulu a acinyamata ndi a azimai kuyamba nchito zao. Mapempho apitira ku komiti ya citukuko ya wadi. Sukulu monga Chipata Trades Training Institute ziyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndipo mnyamata kapena mtsikana amene aonetsa dzanja pa zitsulo ayenera kufunsa kumeneko za maphunziro amene alipo ndi nthawi yolembetsa.

Gulu la eni njinga limene lifuna kusonkha ndalama lisayambe ndi makina owocherera, pakuti amenewo ali kale pa msika. Liyambe ndi zimene zisowa: vaisi yolimba yomangidwa pa tsinde la mtengo, coboolera ca pamanja ndi mano ace, zodulira mazinga za mamilimita 6, 8 ndi 10, bokosi la Helicoil la muyeso wa mapulagi ao, ndi cokokera gudumu la maginito la injini. Zisungidwe kwa munthu mmodzi wokhulupirika, ndipo wobwereka alembedwe m'buku pamodzi ndi tsiku lobweza.